Funsani amakaniko: boti lakale ndi injini yonyanyala

Ndagula boti la fayiba la mamita 6 pamodzi ndi injini yake ya Yamaha Enduro 40. Lakhala pamtunda zaka zinayi osalowa m'madzi. Ndimati ndiyambe ndi kulipenta, kenako ndiyese kuliza injini. Ndili m'njira?
Wowerenga wa ku Monkey Bay

Bambo, pentiyo ayambe wadikira, chifukwa akubisirani zomwe mukufunika kuona. Yambani ndi thabwa lakumbuyo, pomwe pamapachikidwa injini. Kunja limaoneka fayiba yekhayekha, koma m'kati mwake nthawi zambiri mumakhala pulayiwudi. Madzi akalowera m'mabowo a mabauti, pulayiwudiyo amawola mwakachetechete kunja kukadali see. Tengani kanyundo muzigogoda pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kukafika ina. Polimba pamalira kuti ngwee, powola pamangoti phu. Kenako pendeketsani injini, gwirani mwendo wake ndi kuugwedeza mwamphamvu. Thabwa likamagwedera nawo, kapena timing'alu tikamayasama m'makona, zinthu sizili bwino. Ngati mukukayikabe, boolani kabowo ka mamilimita 6 cham'munsi kuchokera m'kati mwa boti, osabooleza kunja. Utuchi ukatuluka wouma ndi wowala, tsekani kabowoko ndi epoxy, guluu wolimba wosalowa madzi. Ukatuluka wakuda ndi wonyowa, thabwalo latha.

Pokonza, dulani khungu la fayiba lam'kati lokha, lakunja mulisiye kuti boti lisataye maonekedwe ake. Kokotani zowola zonse, pakhale padzuwa mpaka paumiretu. Matanikizani mapulayiwudi awiri a marine a mamilimita 18, muwamatirire pamalopo, ndi kuphimba ndi nsalu ya fayiba yopitirira ndi masentimita 15 m'mbali ndi pansi. Pulayiwudi wa mipando musamuyerekeze, guluu wake sapirira madzi. Mukamagwiritsa ntchito resin wa polyester, mankhwala amadzimadzi omatira nsalu ya fayiba, mankhwala oumitsa akhale mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu imodzi. Ndi kutentha kwa kunyanja, 10 ndi wokwanira, ndipo muzisakaniza resin wochepa nthawi imodzi, chifukwa wambiri amaumira m'chitini musanamalize kupaka.

Injiniyo musaikoke chingwe ayi. Chotsani mapulagi onse awiri, thirani supuni imodzi ya oyilo wa two-stroke m'bowo lililonse, igone usiku. M'mawa zunguzani flywheel, gudumu lapamwamba pa injini, ndi manja, mbali yomwe imayendera mivi ya wotchi. Ikakana, musaiumirize ndi chitsulo, mudzathyola maring'i a mapisitoni. Ikazungulira, pezani geji yoyezera kompuleshoni, mphamvu yopanikiza mpweya m'silinda. Masilinda awiriwo asasiyane koposa magawo 10 pa 100 alionse. Muyeso umenewu ndi womwe ukuuzeni ngati nkoyenera kugula masipeya ena, ndiye musatulutse ndalama musanauone.

Impeller, kamphira kokhala ndi mapiko komwe kamapopa madzi oziziritsa injini, kasintheni osafunsa. Pa zaka zinayi kanauma kale ndipo mapiko ake amathothoka nkutseka njira za madzi. Poika katsopano musaiwale kakiyi kake kapashafuti, ndipo zunguzani shafutiyo ngati mivi ya wotchi pamene mukutsitsa chivindikiro, kuti mapiko apindikire mbali yoyenera. Poyesa injini, mwendo ukhale m'diramu la madzi, madziwo afike pamwamba pa pampu. Kuiliza pouma, ngakhale kwa masekondi ochepa, kumawotcha impeller watsopanoyo.

*

Enduro 15 yanga imalira bwinobwino, koma tikayenda mphindi zisanu kapena khumi imatsamwa nkuzima. Tikadikira pang'ono imaliranso. Ndasintha mapulagi kawiri koma palibe chasintha.
Msodzi wa ku Senga Bay

Mapulagi mukuwanamizira, achimwene. Injini yomwe imalira, kuzima, nkuliranso ikapuma, kawirikawiri imakhala ikusowa petulo. Choyamba onani kasikuluu ka mpweya kapachitsekero cha thanki. Kakakhala kotseka kapena kodzaza fumbi, mpweya sulowa pamene petulo akutuluka, ndipo pampu imalephera kukoka. Mudzaona kampira kopopera petulo kataphwa kapena thanki yapulasitiki itakwinyikira m'kati. Masulani chitsekero, mukamva kuti fyuu, vuto mwalipeza popanda kugula kanthu.

Ngati si pamenepo, chitani izi muli pamadzi: injini ikayamba kutsamwa, wina afinye kampira kaja mobwerezabwereza. Ikadzuka, ndiye kuti pampu ya petulo yafooka, kapena paipi ikulowetsa mpweya polumikizira. Onaninso kuti muvi wojambulidwa pakampirapo waloza ku injini. Ikapanda kudzuka, tsegulani kasefa ka petulo ndi kasikuluu kotayira ka pansi pa kabureta, zotulukazo mukhuthulire m'botolo loonekera. Madzi amakhala pansi, petulo pamwamba.

Madzi amenewa si kuti nthawi zonse wogulitsa wachita chinyengo. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito yomwe inayamba ku Dwangwa mu 1982. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo thanki ikamakhala theka pafupi ndi nyanja madzi amaunjikana pansi. Amafewetsanso mapaipi akale mpaka tizidutswa tamphira timakatseka majeti a kabureta. Jeti yaing'ono, yomwe imagwira ntchito injini ikamalira pang'onopang'ono, ndi yomwe imayamba kutsekeka. Itsukeni ndi mankhwala otsukira kabureta nkuuzira mpweya. Waya kapena singano zimakulitsa bowo, injini nkuyamba kumwa petulo ngati ilibe mwini.

Chinthu chimodzi musachiphonye: onani timadzi totuluka pakabowo kakumbali kwa injini. Tikachepa kapena kusiya injini isanazime, imeneyo si njala ya petulo koma kutentha. Zimitsani msanga, chotsani udzu kapena pulasitiki pa sefa yolowera madzi kumwendo, ndipo tokosani kabowoko ndi nayiloni wa mbedza, poti mavu amakonda kumatamo dothi. Tikapanda kubwerera, ndi impeller. Mchenga wa padooko umamudya msanga ngati mumafika kumtunda injini ikulira.

*

Ena akuti oyilo wochuluka amateteza injini, ena akuti ngakhale wa galimoto amagwira. Zoona ndi ziti?
Woyendetsa boti wa ku Nkhata Bay

Onsewo akulakwa. Muyeso wofala pa injini zotere ndi 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi ya petulo, kapena theka la lita pa malita 25. Injini yatsopano kapena yomwe yangoikidwa maring'i imafuna 25:1 pa maola 10 oyamba. Onani kachizindikiro kapainjini yanu, chifukwa zina zimasiyana. Oyilo akhale wolembedwa TC-W3. Wa galimoto sapsa bwino, amasiya mwaye womwe umamata maring'i. Wochuluka amadetsa mapulagi ndi kutseka potulukira utsi. Yezani ndi kabotolo ka mizere, osati ndi maso, ndipo thirani oyilo mu petulo wochepa, khutchumulani, kenako dzazitsani.

*

Nditakhetsa oyilo wa giyabokosi anatuluka woyera ngati mkaka. Ndingothira wina?
Wowerenga wa ku Likoma

Mukangothira wina, pakatha sabata adzayeranso. Kuyerako ndi madzi, ndiye funani polowera pake. Chotsani pulopela muone kuseri kwake. Kawirikawiri mumapezeka nayiloni wa ukonde kapena wa mbedza atakulungika pashafuti, ndipo amadula silu, kamphira kotchinga madzi kuti asalowe, ngati lumo. Pomwepo yang'anani ngati shafuti yapindika pogunda mwala: izunguzeni mukuyang'ana nsonga yake, isavine. Shafuti yopindika imawononga silu yatsopano m'masiku ochepa. Kwina kolowera ndi timawashala ta masikuluu awiri a oyilo, tomwe anthu amabwezeretsa takale tophwanyika, ndi silu yapansi pa pampu ya madzi.

Sikuluu yapansi ikakhala ndi maginito, ionetsetseni. Kafumbi kosalala ka chitsulo si kodetsa nkhawa, koma tizidutswa tomveka m'zala ndiye kuti magiya kapena mabering'i ayamba kudyeka, ndipo giyabokosi iyenera kutsegulidwa.

Pothira, gwiritsani ntchito oyilo wa magiya wa SAE 90, injini itaima chilili. Lowetsani oyilo pabowo lapansi mpaka atulukire palapamwamba, chifukwa wothirira pamwamba amatsekereza mpweya m'kati giyabokosi nkukhala yosadzaza. Mangani sikuluu yapamwamba kaye botolo likadali pabowo lapansi, kenako chotsani botolo nkumanga yapansi mwachangu, zonse ndi mawashala atsopano. Pakani girisi pashafuti musanabwezeretse pulopela, ikani pini yatsopano panati, ndipo mukayenda maola 10 khetsani madontho pang'ono muone mtundu wake.