Utsi wa pamoto ndi BP ya amayi anu

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa chemwali wina wa ku Ngabu. Amayi ake awapeza ndi BP yokwera, ndipo anamwino awauza kuti utsi wa kukhitchini ukuwonjezera vutoli. Iye akufunsa kuti: "Amayi sanasutepo fodya chibadwire. Komanso utsi umathera m'mapapo, nanga kumtima ukafikako bwanji?"

Achemwali, anamwinowo sananame. Mukalowe m'khitchini ya amayi, muyang'ane kudenga. Mwaye wakuda bii umene wamata pa udzu ndi pa mitengo uja, amayi akhala akupuma mnzake wake m'mawa, masana ndi madzulo kwa zaka makumimakumi, atawerama pa mafuwa kuuzira moto, misozi ili chuchuchu.

Choopsa kwambiri mu utsimo ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, timene akatswiri amatitcha PM2.5. Kunenepa kwa tsitsi limodzi kumaposa kachidutswa kotere pafupifupi ka 30. Fumbi lalikulu limagwidwa m'mphuno, timalimina. Koma iti timatsika mpaka pansi penipeni pa mapapo, pomwe mpweya umakumana ndi magazi, ndipo tina tochepetsetsa timadutsa n'kulowa m'magazimo. Thupi limayamba kulimbana nato ngati likulimbana ndi chilonda. Mitsempha imatupa mkati, imauma n'kuchepa njira, magazi sachedwanso kuundana. Mtima umakankha mwamphamvu kuti magazi adutse, BP n'kukwera. Kachibuluma ka magazi kakatseka mtsempha wa muubongo, ndiyo sitiroko ija timangomva kuti auje afa ziwalo mbali imodzi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse. Mwa anthu 100 aliwonse, 32 anafa ndi matenda a mtima ndipo 23 ndi sitiroko. Oposa theka amenewo! Ambirife tikamva za utsi timangoganiza za chifuwa.

Mwina mwaganiza kale zogulira amayi chitetezo mbaula. Gulani, imapulumutsa nkhuni ndipo ana sapsa chisawawa. Koma ndisakunamizeni kuti nkhani yathera pomwepo. Konkuno ku Chikwawa komanso ku Karonga kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa CAPS, wokhudza ana oposa 10,000, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2017. Mabanja analandira mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa, koma chibayo mwa ana sichinatsike. Ine sizinandidabwitse. Kuno kuchigwa utsi umatipeza paliponse: zinyalala ndi majumbo zikuyaka kuseri kwa nyumba, uvuni wa njerwa ukufuka, tchire latenthedwa pofuna mbewa, nzimbe zikuotchedwa asanazidule, madzulo tikufukiza ndowe kuthamangitsa udzudzu. Onjezani fumbi la mu October, mphepo ikamadutsa m'minda youma.

Ndiye yambani ndi zimene zili m'manja mwanu. Nyengo yopanda mvula amayi aziphikira panja, pamthunzi, mphepo izichokera kumsana kwawo. M'khitchini mubooleko mazenera awiri oyang'anizana. Nkhuni zikhale zouma gwa, chifukwa zaziwisi n'zimene zimafuka kwambiri. Chimene chimandiwawa mtima koposa ndi kuyatsira moto jumbo kapena chidutswa cha pulasitiki. Chonde chilekeni lero lomwe. Mbaula ya makala isagone m'nyumba yotseka, ndipo koloboyi alowedwe m'malo ndi tochi kapena nyali ya sola. Ngati pakhomo pali achinyamata, azilandizana nawo kuphika.

Kuchotsa utsi sikulowa m'malo mwa mankhwala. Amayi azimwa mapiritsi awo tsiku lililonse ngakhale akumva bwino, achepetse mchere m'ndiwo, ndipo asamaphonye tsiku loyezetsa. Nanunso, poti mwakulira pa mafuwa omwewo, mukawaperekeza mukayezetse BP yanu. Mukadzaona pakamwa pawo papotoka, mkono wafooka, mawu akuvuta kutuluka, kapena pachifuwa pakupana ngati aikapo mwala, musayambe mwadikira kuti kuche. Pezani njinga yamoto kapena galimoto, muthamangire nawo kuchipatala nthawi yomweyo.