Mwati Mankell anamulakwira Wallander? Ine ndikukana

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a ku Moatize. Akuti anagula The Troubled Man pa kaunjika wa mabuku ku Dedza, atawerenga kale ena asanu a Wallander, wapolisi wofufuza milandu wa ku Sweden wa m'mabuku a Henning Mankell, nde atalimaliza analiponya kunsi kwa bedi ndi mkwiyo. Funso lawo ndi loti bwanji Henning Mankell anamutsiriza chonchi munthu wathu, kumusiya akuiwalaiwala, osangomupha ndi chipolopolo kapena kumupatsa penshoni akapume? Amene simunaliwerenge lekerani pompa chifukwa ndiulula zonse.

Aphunzitsi, mkwiyo wanuwo ndaumva koma pepani, sindili nanu.

Kupha wapolisi wa m'buku nkosavuta. Conan Doyle anamugwetsera Sherlock Holmes pa mathithi a Reichenbach mu 1893, anthu atadandaula kwambiri anadzamuukitsanso kkkk. Agatha Christie analemba imfa ya Poirot nthawi ya nkhondo yachiwiri nkuisunga mpaka 1975, ndipo New York Times inalengeza malirowo patsamba loyamba ngati wafa munthu weniweni. Imfa yotere timaidziwa, timalira, timameta, timabwerera kumunda. Zomwe anachita Mankell mu 2009 ndi zina.

Taganizani, Wallander chida chake chinali chiyani? Si mfuti ayi, mfuti ankachita nayo mantha. Si thupinso, munthu wa shuga uja, wodya zilizonse za m'njira, banja linatha kalekale. Chomwe anali nacho kuyambira buku loyamba la 1991 ndi mutu basi, kakumbukidwe kaja koti wina ananena kanthu Lachiwiri, iye nkumangoti pali chomwe ndinamva koma sindikuchigwira, mpaka usiku wina chimabwera chokha. Nde mlembi akubwera kudzamulanda chimenecho pang'onopang'ono ife tikuonerera, pomwe iye ali kalikiliki kusaka Håkan von Enke, mkulu wopuma wa asilikali a panyanja yemwe wangosowa, apongozi a mwana wake Linda. Nkhani ya m'bukuli ya masabumarini, sitima zoyenda pansi pa madzi, a m'ma 1980 ija kunena zoona inanditopetsa pena, masamba ena ndinkangodumpha, koma siimene ndinatsala nayo mumtima.

Komanso musati zinangogwa kumapeto. Koyambirira komwe amaiwala mfuti yake mu lesitilanti, akumufunsa kuntchito iye osakumbuka nkomwe. Ndipo poti mwawerenga asanu mwina mwakumana nawo bambo ake, mkulu wojambula chithunzi chimodzimodzi moyo wake wonse, nawonso anapezeka ndi Alzheimer, nthenda yoiwalitsa yomweyi. Mvula inali itaonekera kale ku phiri.

Ine bukuli ndinaliwerengera kuno ku Ulongwe mu June, kuzizira kwa Angonia kuja koti umawerenga dzanja limodzi lili mu bulangete, ndipo pamene kamdzukulu ka Wallander, Klara, kakumuthamangira iye osakadziwa kuti ndi ndani ndinatseka buku kaye. Ndinaona agogo anga akuchikazi a ku Domwe. Mayi amene ankadziwa malire a munda wa aliyense, mlandu wa malo ukavuta amfumu ankatuma mwana kuti kawaitaneni. Anayamba ndi kuthira mchere mu tiyi ife nkumaseka. Kenako kundiitana dzina la malume anga omwe anamwalira ndisanabadwe, ndikawabweretsera pawu ndi shuga ankalandira ndi manja awiri nkundifunsa mwaulemu kuti kodi alendowa achokera kuti. Tsiku lina mbandakucha anapezeka pakhomo pa eni ake opanda nsalu yakumtunda, ndipo mukudziwa inu zomwe mudzi umanena nkhalamba ikapezeka choncho. Anati yagwa pa lichero. Amayi anga analira sabata yonse, osati chifukwa cha matendawo koma mawuwo. Dzina la matendawa tinalibe, tinkangoti ukalamba, ena nkumati ufiti.

Nde mukati Mankell anamuchotsera ulemu Wallander, ine ndikuona kuti anamusungira. Sanatilowetse kuchipinda kuti tikamuone akudyetsedwa phala. Anangotseka chitseko nkutiuza kuti zaka zotsalazo ndi za iye ndi mwana wake ndi mdzukulu wake, ife owerenga sizikutikhudzanso. Kwathu kuno wodwala akafika pamenepo alendo amathera pakhonde, olowa mkati ndi abanja okha.

Paja Mankell sanali mlendo kwenikweni m'dziko muno. Zaka zambiri ankagawa moyo wake pakati pa Sweden ndi Maputo komwe ankagwira ntchito ndi gulu la zisudzo la Mutumbela Gogo ku Teatro Avenida, ena mwa mabukuwa ankalembera konko, chipale cha ku Ystad, tauni ya Wallander ku Sweden, chikulembedwa munthu akutuluka thukuta. Anamwalira ndi khansa mu 2015.

Litulutseni kunsi kwa bediko chiswe chisanalipeze, muwerengenso malo a mfuti aja ndi pamene Baiba wa ku Riga, chibwenzi chakale cha Wallander, akubwera kudzatsanzika, mukakwiyabe mundilemberenso tikangane bwinobwino. Ndipo ngati pa asanu anuwo pali The White Lioness, lija la chiwembu chofuna kupha Mandela, mupatseni kondakitala wa chapa ya ku Angonia ndidzalilandira pa siteji, langa anabwereka msuweni wanga chaka chatha mpaka lero akuti akulimaliza.