Kodi lole inyamuke pamene azanyengo achenjeza za mvula yamkuntho?

Bambo wina wa ku Chawama, amene ali ndi lole imodzi ya matani 10, walemba kuti: "Ndinagula lole yanga pa ngongole ndipo ndimabweza K14,000 mwezi uliwonse. Sabata ino ndapeza ntchito yonyamula feteleza kuchokera kuno ku Lusaka kupita ku Chipata pa mtengo wa K17,000, ndipo ndikachotsa dizilo, ndalama za pa toll gate ndi malipiro a dalaivala, ndimatsala ndi pafupifupi K4,500. Azanyengo achenjeza kuti ku chigawo cha Kum'mawa kugwa mvula yamphamvu ndi mphepo kwa masiku angapo. Dalaivala wanga akukana kunyamuka, pomwe mwini katundu akuti ndikachedwa apereka ntchitoyo kwa wina. Kodi ndimukakamize, ndiyendetse ndekha, kapena ndalamazo zingopita?"

Bambo, dalaivala wanuyo musamukakamize, ndipo inunso musakhale pa chiwongolero m'malo mwake chifukwa chongoopa kutaya kasitomala. Ndikudziwa kuti wokongoza ndalama sayang'ana kumwamba asanatumize uthenga wokumbutsa tsiku lobweza, choncho sindikuyankhani ngati munthu amene sakuona kulemera kwa K14,000 imeneyo. Ndikuyankhani ndi masamu anu omwe, chifukwa masamuwo akugwirizana ndi dalaivala wanu.

Mukadikira masiku awiri, chimene mungataye chili ndi malire ndipo mukuchidziwa kale. Zinthu zikavuta kwambiri, mwini katundu apereka ntchitoyo kwa wina, ndipo mutaya K4,500, osati K17,000, pakuti dizilo amene simunawotche ndi ndalama za pa toll gate zimene simunalipire zikadali m'thumba mwanu. Eni malole ambiri amalakwitsa pomwepa: amalira mtengo wonse wa ulendo ngati kuti wonsewo unali phindu, ndipo mantha a ndalama yaikuluyo ndi amene amawatumiza pa msewu. Tsopano onani mbali inayo. Lole ikatsetsereka ndi kugwa chagada, mulipira galimoto yodzaikoka, mulipira kukonzetsa, muyankha za matani 10 a feteleza wa eni ake, ndipo kwa masabata kapena miyezi imene lole ili ku galaja simupeza ngakhale ngwee imodzi pomwe ngongole ikupitirira kuwerengedwa. Munthu amene ali ndi malole 20 angathe kupirira imodzi ikawonongeka, koma inu lole imodziyo ndiyo bizinesi yonse, ndiyonso chikole cha ngongole. Ndipo apa sitinakambe za moyo wa dalaivala ndi wothandizira wake, umene palibe inshuwalansi imene ingaubweze kwa ana awo.

Nkhani ya inshuwalansi ndiyenera kukhalitsapo, chifukwa ndi imene imanyenga anthu ambiri kuti ali otetezeka. Inshuwalansi imene lamulo limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo, ya third party, imalipira anthu ena amene mwawavulaza kapena kuwawonongera zinthu, koma lole yanuyo siilipira. Ya comprehensive imateteza lole, komabe katundu amene ali kumbuyo amafuna inshuwalansi yakeyake, imene makampani amaitcha goods in transit. Ngakhale muli nazo zonse, tulutsani mapepalawo usiku uno muwerenge mawu olembedwa mwa timalemba ting'onoting'ono. Onani ndalama imene muyenera kulipira nokha kampani isanaikepo yake, onani ngati katundu wonyowa amalipiridwa pamene tenti inali yong'ambika kapena yomangidwa mosasamala, ndipo onaninso chimene akunena za injini yowonongeka chifukwa dalaivala analowa dala m'madzi osefukira. Madzi akalowa mu injini kudzera m'njira ya mpweya, injini imaima mwadzidzidzi ndipo zitsulo za m'kati zimapindika. Kukonza kwake nthawi zambiri kumakhala kumasula injini yonse. Pamene simukumvetsa, funsani amene anakugulitsani inshuwalansiyo ndipo akuyankheni molemba. Bungwe la Pensions and Insurance Authority ndi limene limayang'anira makampani amenewa, koma silingakupatseni chitetezo chimene simunagule.

Katundu amene mwanyamulanso amasintha yankho. Feteleza, simenti, shuga ndi ufa zimaopa madzi kwambiri, ndipo thumba la feteleza likanyowa limauma ngati mwala, mwini wake n'kulikana. Lole yopanda katundu, kapena yonyamula zinthu zopepuka koma zounjikidwa m'mwamba, ndi imene mphepo yochokera m'mbali imaikankha mosavuta, moti ulendo wobwerera wopanda kanthu suyenera kuonedwa ngati wopanda ngozi.

Sindikunena kuti lole iziima nthawi iliyonse kumwamba kukachita mdima. Mvula kuno imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo nyengo yomweyi ndi imene alimi amafuna feteleza ndi mbewu. Woimika lole pa mvula iliyonse adzatseka bizinesi isanafike Malichi. Pambuyo pa chilala chija chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu Febuluwale 2024, tonse tinapempha mvula, ndipo akuluakulu anati walira mvula walira matope. Chofunika ndi kusiyanitsa mvula yamasiku onse ndi chenjezo lenileni. Mvula yamabingu ya masana mungaipewe ponyamuka m'bandakucha ndi kuima pamalo abwino ikayamba. Koma azanyengo a ku Zambia Meteorological Department akatchula dera lanu kuti kugwa mvula yamphamvu masiku otsatizana ndi kuti madzi angasefukire, kapena a DMMU (ofesi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) ndi a RTSA (bungwe loona za chitetezo cha pamsewu) akachenjeza za msewu winawake, nkhani yake ndi ina, chifukwa nthaka ikakhuta madzi m'mbali mwa msewu mumafewa, maenje amabisika pansi pa madzi, ndipo timilatho ting'onoting'ono timatha kukokoloka usiku popanda wodziwa.

Msewu wanu ndi Great East Road, wa makilomita pafupifupi 570 kukafika ku Chipata, ndipo si wofanana ponseponse. Mukadutsa Chongwe ndi Rufunsa mumalowa m'mapiri a Manenekela, kumene msewu umakhotakhota ndi kutsetsereka mpaka kukafika pa mlatho wa Luangwa. Lole yodzaza imafuna mtunda wautali kuti iime ngakhale pa tsiku louma, ndipo pa phula lonyowa mtundawo ungathe kuwirikiza kawiri. Chigawo cha msewu chimenechi n'chosayenera kuchidutsa usiku mvula ikugwa. Choncho funso lisakhale lakuti kupita kapena kusapita basi. Ulendo mungaudule m'zigawo: pakirani katundu lero, mangani tenti bwino, ndipo gwirizanani ndi dalaivala kuti adzanyamuka chenjezo likachepa, kenako adzayang'ananso mmene zinthu zilili pa Chongwe, pa Luangwa, pa Nyimba ndi pa Petauke, akufunsa madalaivala amene akuchokera kumene iye akupita. Madalaivala amauzana zoona za msewu mofulumira kuposa wailesi, ndipo foni imodzi kwa mnzake amene wangodutsa kumene pamalopo ndi yotsika mtengo kuposa china chilichonse pa ulendowu.

Mwini katundu muimbireni lero lomwe, musadikire kuti tsiku lidutse. Muuzeni kuti katundu wake wapakiridwa, kuti mukumuteteza ku madzi, ndipo mupatseni tsiku ndi nthawi imene mukuyembekeza kufika. Zimene mwakambirana mumutumizirenso pa WhatsApp pamodzi ndi chenjezo la azanyengo, kuti pakhale umboni. Amalonda ambiri amaopseza kuti apeza wina, koma akakumbutsidwa kuti feteleza wonyowa sangamugulitse, amavomera kudikira tsiku limodzi kapena awiri. Akaumirirabe, mufunseni ngati angalembe kuti katundu akawonongeka ndi mvula mlandu ndi wake. Ine ndimaona kuti kasitomala amene amafuna kuti ngozi yonse ikhale yanu, koma sakufuna kudikira ngakhale maola 24, ndi kasitomala amene tsiku lina adzakulowetsani m'mavuto aakulu kuposa K4,500.

Koma vuto lanu lenileni, Bambo, silinayambe sabata ino. Linayamba pamene munaika mtengo wa ulendo popanda kuwerengera masiku oima, ndiponso pamene munalowa m'dzinja mulibe ndalama yapadera yobwezera ngongole mwezi umodzi. Malinga ndi masamu anu, maulendo atatu pa mwezi sakwanitsa n'komwe K14,000, moti ulendo umodzi ukalephereka mumayamba kuganiza za kaloba, ndipo chiwongoladzanja cha kaloba chimadya phindu la maulendo angapo otsatira. Miyezi ya Meyi mpaka Okutobala, pamene misewu ili youma ndipo chimanga chikuyenda, ndiyo nthawi yopatula kagawo pa ulendo uliwonse ndi kukasunga mu akaunti ina imene simuikhudza, kapena mu chilimba cha anthu odalirika chimene mwakonza kuti inu mudzalandire mu Januwale kapena Febuluwale. Cholinga choyamba chikhale ndalama yobwezera ngongole mwezi umodzi, kuphatikizapo malipiro a dalaivala. Mitengo yanu ya m'dzinja ikwereko pang'ono, ndipo pa mgwirizano uliwonse mulembemo chiganizo chimodzi chonena kuti azanyengo kapena boma akachenjeza, tsiku lofikitsa katundu lidzasunthidwa popanda chilango. Za mwezi uno, ngati mukuona kuti ndalama siikwana, pitani kwa okukongozani tsiku lobweza lisanafike mukapemphe kuti akusunthireni tsiku. Amamvetsera bwino munthu amene wabwera yekha kusiyana ndi amene amachita kumufunafuna.

Kalata ina yofanana nayo yachokera kwa dalaivala wa ku Kanyama amene amayenda ulendo wa ku doko la Beira ku Mozambique kudzera pa malire a Chanida ndi ku Tete. Iye akuti amalipidwa pa ulendo, moti tsiku limene waima sapeza kanthu, ndipo akufunsa ngati n'kwanzeru kukana pamene abwana ake akuumirira.

Achimwene, msewu wanuwo uli ndi mbiri imene simuyenera kuiiwala. Mu Malichi 2019 namondwe Idai anagunda mzinda wa Beira, ndipo madzi osefukira anadula msewu waukulu wotulukira mumzindawo. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu mazanamazana kum'mwera kwa Malawi ndi kuwononga misewu ndi milatho. Namondwe wa mtundu umenewu amalengezedwa kudakali masiku angapo, choncho nthawi yabwino yoima ndi pamene mukadali ku Lusaka kapena pamalo otetezeka musanawoloke malire, osati pamene muli pakati pa mitsinje iwiri yodzaza, dizilo akutha ndi ndalama ya chakudya ikutha. Abwana anu auzeni mwaulemu ndiponso molemba, tchulani chenjezo limene mwaona ndi nthawi imene mukuganiza kuti mungapitirize, kuti zisaoneke ngati mwathawa ntchito. Funsaninso ngati anakulembetsani ku Workers' Compensation Fund Control Board, kumene kumachokera chipukutamisozi cha wovulala pa ntchito, ndipo ngati mwagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo popanda mgwirizano wolembedwa, dziwani kuti lamulo la Employment Code Act la 2019 limafuna kuti ukhalepo. Mukachotsedwa ntchito chifukwa chokana ulendo woopsa, mauthenga amenewo ndi amene mudzapite nawo ku ofesi ya zantchito.

Kalata yachiwiriyi ikukhudzaninso inu, Bambo a ku Chawama. Dalaivala amene amalipidwa pa ulendo wokha amataya ndalama akasankha kuima, ndiye kuti malipiro amene mwamuikira akumukankhira ku ngozi imene idzawononge lole yanu yomwe. Wanuyo wakana kunyamuka ngakhale akudziwa kuti iyenso ataya. Munthu wotere ndi wofunika kumusunga. Muikireni ndalama yodziwika ya tsiku loima chifukwa cha nyengo, ngakhale itakhala theka la zimene amapeza pa tsiku loyenda, pamodzi ndi ya chakudya ndi ya malo otetezeka oimikapo lole, ndipo mugwirizane kuyambira lero kuti akakhala pa msewu, mawu otsiriza onena zoima kapena zopitirira ndi ake, chifukwa iye ndi amene akuona madziwo ndi maso pamene inu muli ku Lusaka. Ndalama imeneyi muiwerengere mu mtengo umene mudzauze kasitomala wotsatira.