Za mlongo wanu amene akufuna kukadaiva ku Aliwal Shoal

Sisi, ndawerenga funso lanu. Mwati mlongo wanu anaphunzira zodaiva ku Nkhata Bay, pano ali kuno ku Joni ndipo mwezi wamawa akufuna akalowe ku Aliwal Shoal, malo a miyala ya pansi pa nyanja yamchere ku KwaZulu-Natal, ndiye inu tulo sitikubwera chifukwa mwamva za madaiva osowa panyanja, mukufuna mudziwe kuti munthu akasowa amamusaka bwanji komanso mumugulire chani. Ine ku Umkomaas, tauni yomwe maboti opita ku Aliwal amanyamukira, ndalowako kambiri ndithu, ndiye ndikuuzeni zomwe ndaona.

Ambiri mu gulu muno athamangira kunena za mashaki. Inde mashaki aliko, ndipo anthu amalipira ndalama kuti akaone omwewo, koma chimene chimasowetsa daiva ndi current, madzi amene amayenda okha ngati mtsinje mkati mwa nyanja. Aliwal ili pafupifupi makilomita 5 kuchokera kumtunda, ndipo mbali ino ya KwaZulu-Natal kumadutsa Agulhas current yomwe imatsetsereka chakumwera. Mlongo wanu ku nyanja yakwathu anazolowera kulowa pompa nkutulukira pompa, boti lili pomwe analisiya. Kuno ayi, mumalowa apa madzi nkumakutengani, boti limakutsatirani pamwamba poyang'ana buoy, chinthu choyandama pamwamba pa madzi, yomwe wotsogolera wagwira pachingwe. Ukangosiyana ndi gulu lija nkutulukira wekha patali, nkhani yayamba. Current ya ma knot 2 okha ndi makilomita 3.7 pa ola, ndiye werengani nokha, maola atatu munthu wapita makilomita 11, ndipo palibe amene angalimbane nayo ndi mafini olo akhale wamphamvu bwanji.

Ine zinandichitikirapo, mphindi 40 zokha koma sindidzaiwala. Ndinatuluka ndi mnzanga titatsalira kumbuyo, boti tikuliona bwinobwino uko, mpaka chipewa cha sikipa ndimachiona, koma iwo osationa olo pang'ono. Funde likakukweza umaliona boti, likakutsitsa umangoona madzi mbali zonse ngati uli m'dzenje. Tinakuwa, mphepo ndi injini zikumeza mawu. Mutu wa munthu wovala wetsuit yakuda pamadzi umangokhala ngati kokonati yoyandama basi. Chinatithandiza ndi soseji ya mnzanga uja, chithumba chopopa chomwe madaiva amaimika kuti aoneke, ataipopa nkuiimika sipanathe nthawi boti linatembenuka. Ine tsiku limenelo ndinalibe yanga, mawa lake ndinakagula.

Ndiye choyamba mumugulire chimenecho. Dzina lake ndi SMB, madaiva amangoti soseji, ndi chithumba chachitali cha orenji chomwe umapopa mpweya nkuima chilili pamwamba pa madzi. Musagule kakafupi kotchipa kaja, pezani yotalika mita 1.5 kapena 1.8, ikhale ndi chingwe chake chokulunga kuti azitha kuitumiza pamwamba iye akadali pansi, boti lidziwiretu komwe atulukire. Ndipo akaiyeserere kaye malo osaya, chifukwa chingwe chija chikakukola chimakukwezera pamwamba mothamanga, zomwe ndi ngozi ina payokha. Muwonjezere wezulo, kagalasi kakang'ono kowalitsira dzuwa kwa boti kapena helikopita, ndi tochi, ayitenge olo akulowa m'mawa chifukwa munthu ukasowa masana umadzapezeka kwada uli pamadzi pomwepo, ndipo usiku tochi imaoneka kutali kuposa soseji. Zonsezi pamodzi sizifika mtengo wa foni yabwino.

Ngati thumba likulola pali timakina tolozera komwe uli. Kena ndi Nautilus LifeLine, kamatumiza malo ako a GPS ku maboti apafupi omwe ali ndi AIS, makina omwe maboti amaonerana komwe ali. Kena ndi PLB, iyo imatumiza uthenga pa 406 MHz kupita ku masetilaiti a Cospas-Sarsat nkukafika kwa oyang'anira zopulumutsa anthu, koma imafunika kabotolo kake kolimba kuti isaphwanyike pansi pamadzi, komanso ayilembetse m'dzina lake. Nzabwino, koma asagule makina nkusiya soseji, makina amafikitsa osaka pafupi, kenako amafunikabe akuone ndi maso.

Koma sisi, chachikulu kuposa zogula ndi boti lomwe akwere. Mu January 1998 ku Great Barrier Reef ku Australia, banja lina la ku America, Tom ndi Eileen Lonergan, linasiyidwa panyanja boti nkubwerera ku Port Douglas, owerenga anthu atalakwitsa. Panadutsa masiku awiri asanazindikire kuti anthu awiri palibe, anadziwira chikwama chawo chomwe chinatsala m'botimo. Anasaka ndi ndege ndi maboti koma sanawapeze mpaka lero, patapita miyezi ndi pomwe msodzi anatola kabolodi kawo kolembera m'madzi atalembapo zopempha thandizo. Nkhani imeneyi imandiwawa nthawi zonse chifukwa anthuwa anatuluka amoyo, anangosowa wowawerenga. Ndiye mlongo wanu asachite manyazi, asanalipire afunse, kodi mumaitana mayina mmodzimmodzi tikakwera kapena mumangowerenga mitu? Sikipa amatsala m'boti nthawi yonse? Muli ndi wailesi ya VHF ndi oxygen? Munthu akapanda kuoneka mumadikira mphindi zingati musanaitane thandizo? Akaona kuti akumuyankha mokwiya kapena momuseka, atenge chikwama chake apite kwa ena, ku Umkomaas maboti ndi ambiri.

Funso lomalizalo ndi lofunika chifukwa cha mmene kusaka kumayendera. Kuno amene amathamangira kukapulumutsa anthu panyanja ndi a NSRI, bungwe la anthu ongodzipereka lomwe linayamba mu 1967, ali ndi masiteshoni ku Durban, Rocky Bay ndi Shelly Beach, ndipo nkhani ikakula a MRCC, likulu loyang'anira zopulumutsa anthu panyanja ku Cape Town, ndi amene amalumikiza zonse, maboti, helikopita, ngakhale sitima zodutsa. Iwo sayendayenda chisawawa. Amafunsa kuti munthu anaoneka komaliza pati, nthawi yanji, mphepo ndi current zikulowera kuti, nkuwerengera komwe angakhale pano, kenako amasesa malowo m'mizere kapena kuzungulira mokulitsa pang'onopang'ono. Ola lililonse lomwe sikipa wachedwa poopa kuti dzina la kampani liipa, malo osaka amakula kwambiri, ndipo kukada zonse zimavuta. Bola kuitana msanga munthu nkupezeka asanafike, a NSRI sakwiya nazo zimenezo.

Iyeyo akapezeka kuti ali yekha pamadzi, apope jekete yake yoyandamitsa ija yotchedwa BCD, ataye lamba wa mtovu, asaganize za mtengo wake. Masiki, snorkel ndi mafini asavule. Ngati ali ndi anzake amangirirane pamodzi, gulu limaoneka msanga komanso mumafunditsana, paja madzi amachotsa kutentha m'thupi mwachangu kuposa mphepo olo akhale ofunda, ndiye apinde miyendo asunge mphamvu. Madzi amchere asamwe olo ludzu livute chotani. Asathamangitse boti posambira. Ndipo asataye mtima msanga, anthu amapezeka, mu February 2014 ku Bali azimayi 7 a ku Japan anatengedwa ndi madzi pafupi ndi Nusa Lembongan, asanu anawapeza amoyo patatha masiku atatu atakakamira pamiyala cha ku Nusa Penida, awiri ndi amene anatisiya.

Kenanso kakang'ono, madzi amchere amayandamitsa kuposa a ku Nkhata Bay, ndiye mtovu womwe anazolowera sukwana, awauze a boti kuti ndi koyamba kulowa m'nyanja yamchere amuyeze bwino ndipo amuike pafupi ndi wotsogolera. Tsiku loyamba akamva kuti current yalimba, alisiye lipite.

Inuyo mbali yanu, akuuzeni dzina la boti, nthawi yonyamuka ndi yobwerera, nambala ya ofesi yawo muisunge. Muwapatseko kanthawi chifukwa maboti amachedwa ndi mafunde a pagombe, koma ikadutsa kwambiri foni yake osayankha imbani ku ofesiko, akakhala kuti sakukuyankhani zomveka imbani 112 pa foni ya m'manja muwauze kuti ndi nkhani ya panyanja akulumikizeni ndi a NSRI. Mukapeza soseji yomwe mukufuna kugula ponyani chithunzi muno ndione kutalika kwake musanalipire.