Damu Lili ndi Madzi, Bwanji Atitsekera Ngalande?

Funso: Damu lathu limathirira sikimu komanso limapereka madzi akumpopi kutauni. Okutobala akangofika amatichepetsera madzi, chonsecho damulo silinaume. Chifukwa chiyani? — Mlimi, Dedza

Yankho: Bambo, madzi mukuwaonawo si onse otungika. Amene ali m'munsi mwa paipi yotulutsira satuluka, ndipo matope akachuluka amadya malo a madzi. N'chifukwa chake kudula mitengo ku Dzalanyama, komwe kumachititsa kuti dothi likokolokere m'madamu, kumadetsa nkhawa oyang'anira madamu a Kamuzu ku Malingunde.

Oyang'anira amawerenga mulingo pa ndodo yoyezera, n'kuchotsapo akumwa mpaka Disembala, otsalira mumtsinje ndi ouma ndi dzuwa. Otsala akachotsa onsewa ndiwo a ulimi. Dzuwalo musalipeputse: mamilimita 6 patsiku ndi malita 60,000 pa hekitala imodzi ya damu. Chimanga nacho chimamwa mamilimita 500 mpaka 800 chisanakhwime, kutanthauza malita osachepera 5 miliyoni pa hekitala.

Vuto lalikulu ndi kudzala malo aakulu mochedwa, chimanga n'kumasula ngayaye madzi atachepa. Gwirizanani za mahekitala mu Epulo damu lili lodzaza, dzalani msanga, matani ming'alu ya ngalande, ndipo muzithirira mosinthana m'mawa kapena madzulo.