Chilango chikwere ndithu, koma wozunzayo amulandenso chiwetocho

Achemwali, mwafunsa ngati kukhwimitsa malamulo oteteza nyama kuli ndi phindu pamene anthu nawonso akuvutika. Ine ndikuti phindu lilipo, ndipo kuteteza galu sikumulanda munthu kanthu kalikonse.

Ndinaonapo galu amene anakhala pa tcheni kwa miyezi, tchenicho chitadya khosi mpaka chilonda kumatuluka mafinya, ntchentche zitangounjirira. Mbale yake ya madzi inali youma gwa. Mwini wake sankamumenya ayi, ankangomuiwala. Nditamulankhula anandiyankha kuti, "Galu ndi wanga." Ndinabwerera mtima ukuwawa, chifukwa lamulo likamangoona munthu amene wamenya kapena kupha, munthu ngati ameneyu amapulumuka. Chonsecho nkhanza zambiri zimachitika mwakachetechete: njala, ludzu, dzuwa, bulu kukoka katundu zilonda zili pamsana, nkhuku kuzipanikiza m'khola losapita mphepo.

N'chifukwa chake ndimayamikira zimene anachita ku England ndi Wales. Lamulo lawo la 2006, Animal Welfare Act, limati woweta ali ndi udindo wopatsa chiweto chakudya choyenera, malo abwino, mpata wochita zachibadwa chake, ndiponso kuchiteteza ku ululu ndi matenda. Oyendera sadikira kuti nyama ife kaye. Amatha kumulembera munthu chenjezo kuti akonze zinthu. Khoti nalo lili ndi mphamvu yomulanda chiwetocho ndi kumuletsa kuwetanso. Kwa ine mfundo yaikulu ndi imeneyi. Munthu akalipira faindi n'kubwerera kunyumba kumene galu uja akadali pa tcheni, galuyo wapindula chiyani?

Kumeneko chilango chachikulu chinali miyezi 6 yokha m'ndende, koma mu 2021 anachikweza kufika zaka 5. Ku America, lamulo la 2019 lotchedwa PACT limalola zaka 7 pa nkhanza zoopsa monga kuotcha kapena kumiza nyama dala. Ndipotu nkhaniyi si yatsopano: lamulo loletsa kuzunza ng'ombe, akavalo ndi nkhosa linadutsa ku Britain mu 1822, molimbikitsidwa ndi phungu Richard Martin.

Pa funso lanu loti nanga anthu, kuyambira mu 2016 bungwe la FBI, lofufuza milandu ku America, limalemba nkhanza kwa nyama ngati mlandu wapadera m'kaundula wake wa milandu. Ofufuza anaona kuti wozunza nyama kawirikawiri sathera pa nyamapo. M'mabanja ena mwamuna amamenya mphaka kapena galu pamaso pa mkazi ndi ana pofuna kuwaopseza, ndipo amayi ena amalephera kuthawa nkhanzazo poopa zimene zichitikire chiweto chawo akachoka. Wapolisi amene wabwera chifukwa cha galu angathe kupulumutsanso mwana.

Komabe zaka zambiri pa pepala sizingagwire ntchito ngati wodandaula akubwezedwa ndi mawu oti "ndi galu chabe." Pafunika apolisi ndi oweruza ophunzitsidwa, dokotala wa ziweto woti akachitire umboni, komanso malo osungirako nyama zolandidwa pamene mlandu uli m'kati. Popanda malo amenewa, wapolisi ngakhale wamtima wabwino amasiya nyama ija m'manja mwa woizunza.

Choncho mukamapempha opanga malamulo kuti akweze chilango, pemphaninso kuti kusasamala kukhale mlandu, khoti lizitha kuletsa munthu kuweta, ndiponso kuti ndalama zoyendetsera zonsezi ziikidwe mu bajeti.