Ku Panjiayuan Gulani Mbale, Nkhani ya Wogulitsa Isiyeni Komweko

Mayi wina wanditumizira imelo. Mwezi wamawa akupita ku Beijing kukaona mwana wawo amene ali pasukulu kumeneko, ndipo akufunsa kuti: "Ndamva zoti kuli msika waukulu wa zinthu zamakedzana. Kodi ndi woyenera kuutayira tsiku? Nanga zinthuzo n'zakaledi?"

Mayi, msika mukunenawo ndi Panjiayuan, uli m'dera la Chaoyang, kum'mwera chakum'mawa kwa mzindawo. Mukakwere sitima yapansi ya Line 10 n'kutsika pa siteshoni ya Panjiayuan, kuyenda pang'ono basi mwafika. Unayamba cha m'ma 1992, anthu akungoyala katundu m'mbali mwa msewu, koma lero malo ogulitsira amaposa 3,000. Mukapite Loweruka kapena Lamlungu, mulawirire. Masiku amenewa ndi omwe ogulitsa ochokera kumadera akutali amadzaza bwalo lonse.

Muli mbale ndi mitsuko yadothi, timatiketulo tadothi ta mumzinda wa Yixing, mikanda, miyala ya jade, zithunzi za Mao Zedong, mtsogoleri wakale wa China, mipando, mabuku akale milumilu. Koma ine chimene chinandiimitsa nthawi yaitali ndi mtedza wa walnut. Bambo wachikulire ananjuta pansi, akuyeza mtedza uwiri ndi kachipangizo koyezera, kufuna woti ufanane ndendende. Si wodya ayi. Amaugubuduza m'dzanja zaka ndi zaka mpaka ufiire, uziwala ngati wapakidwa mafuta. Ndinaseka, kenaka nditamva mtengo wake kuseka kunatha.

Tsopano funso lanu lachiwiri lija. Zambiri za pamenepo n'zatsopano, anangozikalambitsa dala. Mtsuko wowumbidwa chaka chatha amaupaka dothi, pepala amaliviika mu tiyi, wogulitsa n'kumakuuzani ndi nkhope yowuma kuti n'za nthawi ya mafumu a Qing, amene ankalamulira China kalekale. Ndipo chinthucho chikanakhala chenicheni, vuto likanakhala lanu, chifukwa malamulo a ku China salola kuti zinthu zopangidwa chisanafike chaka cha 1911 zituluke m'dzikomo. Choncho mukaona mbale yakusangalatsani, dzifunseni kuti mungaigule zingati ikanakhala yatsopano. Mtengo wake ndi womwewo.

Kunenerera n'chimodzimodzi pa kaunjika, kungoti chinenero ndi kakyuleta. Iye alemba nambala yake, inu mufufuta n'kulemba yanu, yotsika kwambiri, musachite manyazi. Akakana nyamukani. Nthawi zambiri musanapite patali mumva akukuitanani. Koma mukatchula mtengo iye n'kuvomera, gulani ndithu, kubwerera m'mbuyo pamenepo amakuona ngati chipongwe. Anthu kumeneko amalipira pafoni kudzera pa WeChat kapena Alipay, ndiye mwana wanuyo akhale pafupi, komabe tengani ma yuan ochepa m'thumba.

Chilichonse chooneka ngati mnyanga wa njovu musachikhudze n'komwe. China inaletsa malonda a minyanga kumapeto kwa 2017, ndipo ngakhale chitakhala cha pulasitiki, mudzavutika nacho kufotokoza pabwalo la ndege ku Lilongwe.